Ndirande Nkhondo Itatha

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatha mu 1945, Blantyre inali tauni yaing'ono, yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja. Nyumba zikuluzikulu zinali zowerengeka: Mandala, imene inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri a konkuno pakati pa 1888 ndi 1891, hotela ya Ryall's, maofesi a boma, ndi sitolo za amwenye zondandana m'mbali mwa msewu. Limbe inali tauni ina payokha, ya njanji ndi fodya, ndipo pakati pa matauni awiriwa panali tchire ndi minda. Akuluakulu sankanena n'komwe kuti Blantyre. Ankati akupita ku Kabula.

Mabuku a mbiri ya mzindawu amakonda kuyambira pa amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, n'kudzera pa makampani ndi abwanamkubwa, n'kukathera pa andale. Ine mtima wanga uli pa anthu ena: amene ankadzutsa tauniyo m'mawa uliwonse koma dzuwa likalowa ankayenera kutulukamo, ndi ife ana awo amene tinakulira m'munsi mwa phiri la Ndirande pakati pa kutha kwa nkhondo ndi kubwera kwa ufulu.

Tauni anaigawa motere. Azungu anatenga malo okwera opita mphepo, ku Sunnyside, ku Namiwawa, ku Nyambadwe. Amwenye ankagona kuseri kapena pamwamba pa sitolo zawo. Munthu wakuda wogona m'tauni anali khukhi kapena boyi wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake, mwinanso mlonda woothera moto pakhonde la sitolo. Kampani ya njanji ndi ya fodya ya Imperial zinamangira antchito awo nyumba ku Limbe, ndipo ku Naperi kunali tinyumba tochepa ta khonsolo, koma zonsezi sizikanakwana ngakhale pang'ono. Anthu ochuluka ankagona m'midzi yozungulira tauni, ya Kapeni, ya Machinjiri, ya Somba, ya Kuntaja, ena mpaka kufupi ndi Chiradzulu, n'kumayenda wapansi tsiku ndi tsiku. Ndirande inakula msanga chifukwa inali pafupi kuposa yonse. Munthu ankapita kwa nyakwawa, kwa Matope kapena kwa Gamulani, atanyamula nkhuku kapena kandalama, nyakwawa n'kumulozera poti amange. Panalibe wojambula mapu, panalibe woyeza msewu. Njira inkabadwa pamene mapazi apondaponda.

Tambala wachiwiri akalira, njira zonse zotsikira ku Nasolo zinkadzaza. Ndikukumbukira phokoso la mapazi osavala nsapato ndi kutsokomola kwa abambo m'chisisira cha mwezi wa June, mamesenjala atavala makabudula a khaki, amisiri atapachika nyundo ndi chingwe paphewa, madobi atasenza mitolo ya zovala, ndi makalaliki ochepa okhala ndi njinga akuliza belu kuti awapatukire. Ambiri ankagwira ya tikiti: kapitawo akachonga masiku 30 ndiye kuti mwezi wakwana, ndipo tsiku limene wadwala silinkawerengedwa. Ena ankalandirako phoso, ufa ndi nyemba ndi kamchere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, David Bettison wa ku Rhodes-Livingstone Institute anachita kafukufuku m'midzi 17 yozungulira Blantyre ndi Limbe, ndipo anapeza zimene amayi athu ankazidziwa kale popanda pensulo, kuti malipiro a wantchito wamba sakanadyetsa banja. Chimene chinkadyetsa banja chinali munda wa kuseri kwa nyumba, dimba la kumtsinje, ndi manja a mkazi. Tauni inkalipira munthu mmodzi, koma inkadya thukuta la banja lonse.

Abambo akatsikira ku tauni, Ndirande inkatsala ya amayi, ana ndi nkhalamba. M'gulu la nkhalambazo munalinso anthu amene sanali okalamba kwenikweni, koma nkhondo inawakalambitsa.

Amuna oposa 25,000 a m'dziko muno analembedwa usilikali pa nkhondo imeneyi. Asilikali athuwa, a gulu la Keyala (KAR), anamenya nkhondo ku Somaliland ndi ku Ethiopia, anawoloka nyanja kupita ku Madagascar mu 1942, anakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma kukalimbana ndi asilikali a Japan m'kati mwa mvula yosakata. Atabwerako, ambiri sanathe kukhazikikanso kumudzi. Anali ataphunzira kuyendetsa malole, kukonza injini, kusoka, kumanga mabala, ndipo ndi kandalama kamene analandira potuluka usilikali ena anagula makina osokera, ena njinga, ena anatsegula kantini. Ndirande inalandira ambiri a iwo.

Pafupi ndi kwathu pankakhala mmodzi. Ife tinkangowatchula kuti agogo a ku Burma, ngakhale kuti panthawiyo analibe ndi imvi zomwe. Anali ndi chijasi chachikulu cha usilikali chimene ankavala ngakhale mu October, jombo zimene ankapukuta Loweruka lililonse, ndi mamendulo osungidwa m'kachitini ka fodya. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumakonza njinga za anthu. Akasangalala ankatifoletsa, ife titanyamula mapesi paphewa, iwo akukuwa malamulo a pa perete, ndipo ankatifotokozera za njovu zonyamula mitengo, za misundu yolowa m'jombo, za sitima ya pamadzi yaikulu kuposa mudzi wathu wonse. Za kuphana sankanena. Masiku ena sankalankhula ndi munthu, ankangokhala ndwii kuyang'ana kuphiri, ndipo amayi ankatiuza kuti, "Lero musawasowetse mtendere agogo anuwo, mutu wawo uli kutali." Kenaka ankatipatsira kambale ka nsima kuti tikawasiyire pakhomo. Palibe dokotala amene anawaonapo za matenda amenewo. Anawasamala ndi amayi a m'mudzi, amene sanadziwe dzina la nthendayo koma anadziwa mankhwala ake ena.

Chinthu china chimene asilikaliwa anabwera nacho, chimene ife ana sitinachimvetse mpaka titakula, chinali kutha kwa mantha. Anali ataona mzungu akulira, akuthawa, akufa ngati munthu wina aliyense. Anali atamva ku India kuti anthu akufuna Angelezi achoke. Munthu wotere ukamuuza kuti avule chipewa pamaso pa kalaliki wachizungu wa msinkhu wa mwana wake, amavula, koma maso ake amanena zina. Boma silinaleke kuwafuna: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 linatumizanso asilikali a kuno ku Malaya.

Kenaka kunabwera njala ya fote naini. Ine ndinali wa kumsana, choncho zimene ndikudziwa ndinazimva kwa amayi ndi anzawo, amene ankaitchula mwa kunong'ona ngakhale patapita zaka zambiri. Mvula inagwa bwino poyamba, chimanga n'kumera, kenaka chakumapeto kwa December 1948 kumwamba kunangoti mbee, ndipo mbewu zinapserera m'minda. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa chimanga kunja n'kumagulitsa moyeza, koma kagawidwe kake kanakondera amuna olembedwa ntchito. Wantchito wa boma kapena wa kampani ankalandira gawo lake, pamene mkazi wopanda mwamuna, kapena amene mwamuna wake anali ku Halale osatumiza kanthu, ankaima pamzere tsiku lonse n'kubwerako chimanjamanja. Kufulula mowa kunaletsedwa pofuna kusunga chimanga, ndipo apa amayi ambiri anatsekeredwa njira yokhayo imene ankapezera ndalama. Anthu anadya gaga, anakumba mizu ya m'tchire ndi zitsinde za nthochi. Amuna ena ananyamuka kuti akukasuma ku Mwanza, ku Neno, ku Ntcheu kapena ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo anakwatira komweko osabweranso. Njala inafika pachimake chakumayambiriro kwa 1950, pamene boma linatsegula misasa yodyetserako anthu otupa miyendo. Chiwerengero cha boma chinati anafa ndi anthu pafupifupi 200, koma amene anaika maliro m'midzi ya Lunzu ndi Lirangwe sankachikhulupirira. Megan Vaughan, amene analemba buku la njala imeneyi mu 1987, anaipeza mbiri yake yeniyeni m'nyimbo za pamtondo, momwe amayi ankadandaulira amuna amene anawathawa.

Njalayo inakankhira anthu ambiri ku Ndirande, chifukwa kufupi ndi tauni kunkapezeka ganyu ndi nyenyeswa. M'zaka zotsatira m'mudzi mwathu munachuluka amayi olera okha ana, ndipo ndi iwowa amene ndimawaona kuti anamanga Ndirande kuposa wina aliyense. Ankaphika zitumbuwa, zigumu ndi mandasi n'kukakhala nazo m'mbali mwa njira ya antchito. Ankatema nkhuni kuphiri mozembera alonda a nkhalango, chifukwa phirilo linali lotetezedwa ndi boma, n'kuzisenza mpaka ku tauni. Ankaumba njerwa, ankaphwanya miyala. Koma ndalama yeniyeni inali mu mowa.

Nthawi imeneyo lamulo silinkalola munthu wakuda kugula mowa wachizungu, ndipo kachasu anali woletsedwa kotheratu. Choncho Loweruka masana, antchito akaweruka, ndalama ya tauni inkakwera phiri kudzathera pa mitsuko ya masese. Panali mayi wina wa Chilomwe, wamtali, wa mawu aakulu, amene makolo ake anachoka ku Mozambique kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kudzagwa m'thangata la m'minda ya tiyi ku Thyolo, iye n'kuthawanso kumeneko. Ankatcheza kachasu m'kakhwawa, ndi mtsuko, mpope wachitsulo ndi mwadiya wodzaza madzi ozizira. Ife ana tinali maso ake. Tikaona zipewa za apolisi zikutulukira kumunsi, mmodzi ankayamba kuimba mluzu, wina n'kulandira, ndipo apolisi pofika ankapeza mayi akupeta ufa. Malipiro athu anali chitumbuwa. A mpingo ankamudzudzula, ndipo zina mwa zodzudzulazo zinali zoona, pakuti tinaona abambo ena akumwera malipiro onse ana akugona ndi njala, tinamvanso kulira kwa akazi omenyedwa usiku wa Loweruka. Koma mayi yemweyo ndiye ankagula nsalu ya maliro pakamwalira mlendo wopanda abale, ndiye ankakongoza ndalama ya msonkho kwa mwamuna amene akanamangidwa, ndipo ana ake onse anawaphunzitsa sukulu. Sindingathe kumuweruza ndi mawu amodzi.

Mitundu yonse inakumana pamenepo. Amang'anja ndi Ayao ndiwo anali eni nthaka. Alomwe ankabwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, Asena ankakwera ndi njanji kuchokera ku Port Herald, Angoni ankatsika ku Ntcheu, ndipo Atonga ndi Atumbuka ophunzira ku Livingstonia ankagwira ukalaliki, atavala malaya oyera ositidwa ndi simbi ya makala. Mwana wa ku Ndirande pofika zaka khumi ankatha kupereka moni m'zilankhulo zinayi ndi kutukwana m'zilankhulo zisanu. Tinkadziwa kuti mbale ya kwa a shehe sitiikamo nyama ya nkhumba kapena mbewa, ndipo mwezi wa Ramadan ukatha tinkapita kukadya mpunga kwawo, ana awo n'kudzadya kwathu pa Khirisimasi. Anyamata a Chiyao akatuluka ku ndagala atavala zatsopano, tonse tinkathamangira kukaonerera, ndipo beni akamavinidwa, ndi mayunifolomu ake otengera a usilikali, agogo a ku Burma ankaimirira n'kumakonza mizere ya ovina.

Mawu oti mwana wa mnzako ndi wako yemwe sanali mwambi wongokometsera nkhani. Munthu wamkulu aliyense anali ndi ufulu wokutuma, wokudyetsa ndi wokukwapula. Ukalakwa kumsika, mbiri inkafika kwanu iwe usanafike. Mkazi aliyense wa msinkhu wa amayi ako unkamuitana kuti amayi, mwamuna aliyense kuti bambo, wamkulu pang'ono kwa iwe kuti achimwene kapena achemwali, ndipo dzina lenileni la munthu wamkulu unkalimva koyamba tsiku la maliro ake. Akuluakulu okhaokha ankaitanana ndi mfunda kapena ndi dzina la mwana woyamba, "make uje", "bambo a uje". Ubale umenewu anthu anachita kuwumba chifukwa abale enieni anatsala kutali. Mkazi akamva kuti nthawi yake yakwana, azamba anali oyandikana nawo nyumba. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu ankati ku Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, ambiri a ife titabadwa kale pamphasa.

Dziko la ife ana linali phiri ndi mtsinje. Phiri la Ndirande linali lakuda bii ndi mitengo. Nyengo ya masuku tinkakwera m'mamawa n'kutsika milomo itauma ndi kutsekemera, tikuthamangitsana ndi anyani, ndipo usiku afisi ankalira kufupi ndi makola a mbuzi. Madzi a Nasolo tinkasamba, kuchapira, ngakhale kumwa kumtunda kwake. Damu la Mudi, limene linamangidwa m'zaka zomwezo, linali pafupi ndithu, koma madzi ake ankatsikira ku mipope ya m'tauni, alongo athu akutunga pachitsime. Tinkatcha mbalame ndi ulimbo, kukumba mbewa m'minda akakolola, kutchera ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Mpira tinkakulunga ndi nsanza ndi luzi, magalimoto tinkapinda ndi mawaya otola ku magalaja a ku Ginnery Corner, atsikana akusewera phada ndi fulaye, ndipo mwezi ukawala tonse tinkasonkhana pabwalo mpaka wina atatuluka ndi chikoti. Amene tinali ndi mwayi wa sukulu tinkayamba Sub A ndi sileti, n'kumalota za HHI ku mishoni ndi za Blantyre Secondary School imene inatsegulidwa mu 1940. Ambiri analekezera panjira chifukwa cha fizi.

Kutumidwa ku tauni kunali ulemu waukulu. Unkamanga ndalama pa ngodya ya kansalu, tiki kapena sikisi, kapena makobiri aja oboola pakati amene ena ankawatunga pachingwe. Pakhonde la sitolo iliyonse ya mmwenye pankakhala telala ndi makina ake a Singer, akupalasa ndi phazi kwinaku akucheza ndi aliyense wodutsa. Matelala ndiwo anali nyuzipepala ya tauni: ankadziwa amene wachotsedwa ntchito, amene wabwera ku Joni, kumene kukufunika anthu. Kwa mmwenye unkalowa n'kunenerera mtengo, ndipo ukagula bwino ankakupatsa basera. Ku sitolo zina za azungu munthu wakuda ankagulira pawindo la kumbali. Ndinaona bambo anga, munthu amene kwathu ankaweruza milandu ya mabanja ndipo anthu ankamuwombera m'manja, ataima pawindo lotero chipewa chili m'manja, akudikira kuti onse a m'kati athe kugula. Pobwerera sanalankhule kanthu njira yonse. Mwana saiwala zotere.

Anthu amene tinkawasirira kwambiri anali obwera kuchokera kunja. Pamalo pamene lero pali depoti ya mabasi ya Wenela ndi pamene ankalembera amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo Mthandizi ankalemba opita ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Wobwerako ankatsika ndi bokosi lachitsulo, bulangete lamawangamawanga, chipewa cha khonde, mwinanso galamafoni yopukusa ndi mbale za nyimbo za kwela. Ankasakaniza Chinyanja ndi Chilapalapa, ndipo kwa mwezi umodzi anali mfumu. Ndalama zikatha ankagulitsa galamafoni, kenaka chipewa, kenaka n'kukalembetsanso. Ena ankabwera ndi chifuwa cha mgodi chimene chinkawadya pang'onopang'ono. Ena sankabwera n'komwe, ndipo akazi awo ankatchedwa akazi a machona, osadziwa ngati ndi okwatiwa kapena amasiye.

Nyimbo zinabwera ndi anthu amenewa, zinabweranso ndi wailesi. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, koyendera batire, kogula mapaundi asanu, ndipo ankakatchera ku Lusaka kumene ankaulutsa mawu m'Chinyanja. M'dera lathu lonse inalipo imodzi, ya kalaliki wina wa Chitonga. Madzulo ankaitulutsa pakhonde n'kuiika pa tebulo loyalidwa nsalu, akuluakulu atakhala pa mipando, ife pansi. Tinkamva mawu a Alick Nkhata, tinkamva moni wa machona ochokera ku Kitwe ndi ku Bulawayo, ndipo mayi wina akamva dzina la mudzi wa kwawo ankagwira pakamwa. Nyimbo ya a Paseli yonena za Napolo, amene anagumula phiri la Zomba mu December 1946, panalibe mwana amene sankaidziwa. Anyamata ankasema mabanjo ndi zigubu za mafuta n'kumayeserera. Kalaliki yemweyo ankawerengera anthu Msimbi ndi Bwalo la Nyasaland, n'kumawalemberanso makalata opita ku Halale.

Ndale zinatipeza pakhonde lomwelo. Nyasaland African Congress inabadwira ku Blantyre mu 1944, James Frederick Sangala ali pakati pa oiyambitsa ndipo Levi Mumba ali pulezidenti woyamba, koma poyamba inali nkhani ya aphunzitsi ndi makalaliki. Chimene chinaifikitsa kwa amayi a pamtondo ndi chitaganya cha 1953, chimene chinamangirira dziko lino ku Rhodesia anthu akukana. Aliyense anali ndi m'bale amene anaonako chitupa ndi nkhanza za ku Salisbury, ndiye panalibe wofunika kumufotokozera. Panalinso mkwiyo wa malimidwe, pamene alangizi ankalipitsa anthu chifukwa chosaunda mizere monga mwa lamulo. Mu August chaka chomwecho ku Thyolo kunabuka chipolowe mbiri itamveka kuti azungu a pa esiteti ina agwira anthu kuti awaphe, ndipo pofika kumapeto kwake anthu 11 anali ataphedwa. Ife tinkangomva kuti kunja kuli chifwamba, ndipo galimoto ikaima pafupi tinkabalalika kulowa m'chimanga.

Boma linaona kuti anthu achuluka. Mu 1956 Blantyre ndi Limbe anaziphatikiza kukhala tauni imodzi, ndipo cha ku Soche ndi ku Kanjedza kunayamba kumangidwa nyumba za mizeremizere za antchito a boma ndi ena olandira bwino. Ndirande inatsala monga inaliri, ikungokula yokha. Atsogoleri ake anali anthu a bizinesi odzipangira okha, ndipo wotchuka mwa onse anali Lawrence Makata, amene anali ndi malole ndi bala, munthu wa dzanja lotambasuka amene anaika chuma chake ndi anyamata ake pa ntchito ya Kongeresi. Anthu otere sankaopa kuchotsedwa ntchito chifukwa analibe bwana. Amayi ofulula mowa ndi ogulitsa pamsika nawonso analibe bwana, ndipo makhadi a chipani ankayenda m'madengu awo, pansi pa tomato.

Pa 6 July 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Anthu a kwathu anapita wapansi, ena pa malole a Makata, ndipo anabwerako mawu atasasa. Ankasimba modabwa kuti munthuyo akulankhula Chingelezi chokhachokha, wina n'kumamasulira, koma mawu amodzi oti "Kwacha!" anawamva onse. Kuyambira pamenepo masewera athu anasintha. Tinaleka kufola ngati asilikali a Keyala, tinayamba kuchititsa misonkhano pa chulu, ndipo mwana amene takangana naye tinkamunena kuti kapirikoni, dzina limene akuluakulu ankanyozera nalo wogwirizana ndi azungu, ife osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Chakumapeto kwa chakacho magalimoto a azungu anagendedwa pa Clock Tower anthu akuchokera ku msonkhano.

M'bandakucha wa pa 3 March 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi. Dr Banda anamugwira kunyumba kwake ku Limbe n'kumutumiza ku ndende ya Gwelo. Asilikali achizungu ochokera ku Southern Rhodesia anadzaza m'misewu, ndege zikuuluka m'munsi n'kumamwaza mapepala. M'dziko lonse anthu 51 anaphedwa, kuphatikizapo ambiri amene anaphedwera pa doko la Nkhata Bay, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu. Nyumba zatsopano za ku Kanjedza anazizunguliza waya waminga n'kuzisandutsa ndende. Makata anatengedwa. Kalaliki wathu wa wailesi anatengedwanso usiku, atavala zogonera, ndipo m'mawa mwake amayi a m'mudzi anagawana ntchito popanda woitanitsa msonkhano: uyu ufa, uyu nkhuni, uyu kutenga ana awiri kukagona kwake. Anachita zimenezi mpaka mwini nyumba anatuluka. Bungwe la Devlin, limene boma la Britain linatuma kudzafufuza, linanena poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo silinapeze umboni wa chiwembu chopha azungu onse chimene boma linkanena.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira. Orton Chirwa ndi Aleke Banda anayambitsa Malawi Congress Party mu September 1959. Mu January 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inapeza chikhamu cha anthu onyamula zikwangwani kunja kwa Ryall's. Pa 1 April Dr Banda anatulutsidwa, mu August 1961 kunachitika chisankho, ndipo usiku wolowera pa 6 July 1964 tinadzazana mu sitediyamu ya ku Chichiri kuona mbendera ya Angelezi ikutsika. Makata sanaione. Anafa pa ngozi ya galimoto mu 1962, chaka chimene Dunduzu Chisiza, mtsogoleri wina wa chipani, anaferanso pamsewu. Dzina lake linatsala pa msewu ndi pa dera la mafakitale limene lili m'munsi mwa Ndirande.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti mantha sanathe ndi ufulu, anangosintha nkhope. Mawu aja oti kapirikoni, amene ife tinkaseweretsa, anawotchetsa nyumba za anthu. Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu nduna zinagawanika, ndipo pakhonde pamene kale aliyense ankalankhula zakukhosi, akuluakulu anayamba kuyang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa. Makalaliki ena a kumpoto amene tinakula nawo anasamuka mwakachetechete.

Mu 1966 Blantyre inakwezedwa kukhala mzinda, magetsi a ku Nkula anayamba kufika, ndipo mafakitale anatsatira: David Whitehead ya nsalu mu 1967, Carlsberg mu 1968. Anthu anakhamukira ku Ndirande kuposa kale lonse. Minda ya kuseri kwa nyumba inasanduka nyumba za lendi, madimba a ku Nasolo anakwiririka, ndipo unkatha kukumana ndi munthu pachitsime osadziwa kuti ndi wa kwa yani. Kenaka, pakati pa 1968 ndi 1970, kunabwera kuphedwa kwa anthu usiku kumene kunatchuka ndi dzina la Chilobwe, anthu oposa 30 m'madera osiyanasiyana a mzindawu. Mabanja amene ankatseka chitseko ndi kamtengo anagula maloko ndi mipiringidzo, amuna ankagona ndi zikwanje pamutu, ndipo ana analetsedwa kusewera pa mwezi. Ife tinali titakula. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 anzathu ambiri anapita nalo, ena anali atalowera kale ku Joni, ndipo mitengo ya m'phiri, imene alonda ankatithamangitsira chifukwa cha mtolo umodzi wa nkhuni, inathera pa nkhwangwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.